Chipolowe cha M'misewu: Udindo wa Wapolisi, Wochita Zionetsero ndi Woonerera

Tikuyamika Allah, Mwini mphamvu zonse, amene adalemekeza magazi a munthu, chuma chake ndi ulemu wake. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo olemekezeka, ambiri a ife kuno kunyanja tili ndi mwana kapena m'bale ku Lilongwe. Wina amanyamula usipa ndi utaka kuchokera ku Salima, Nkhotakota kapena Mangochi kukagulitsa mumsika waukulu wa ku Old Town. Wina amapalasa kabaza ku Mchesi. Wina ndi mlonda wa pageti ku Area 10. Winanso adavala yunifolomu ya polisi. Tsiku la zionetsero onsewa amakumana pamsewu umodzi. N'chifukwa chake nkhani ya chipolowe cha mumzindawu ndi yathu, ndipo funso lake ndi ili: munthu akamamenyedwa ife tikuona, tichite chiyani?

Zomwe lamulo limanena

Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero pamodzi ndi anzake, mwamtendere ndiponso popanda zida. Lamulo la apolisi la 2010 limati okonza zionetsero adziwitse Bwanamkubwa pasadakhale, kukadali maola osachepera 48. Cholinga chake n'choti iwo, apolisi ndi akuboma agwirizane nthawi ndi njira yodutsa. Ku Lilongwe ulendowu kawirikawiri umayambira pa bwalo la Community, kudzera ku Mchesi ndi pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, mpaka ku City Centre kumene kuli Nyumba ya Malamulo ndi maofesi a boma a Capital Hill.

Pamenepa pali amana ya mbali ziwiri. Wochita zionetsero alibe ufulu wonyamula mwala kapena kuthyola sitolo. Wapolisi naye ntchito yake ndi kuteteza oyendawo, eni masitolo ndi odutsa, ndipo mfuti ya zipolopolo si chida chobalalitsira khamu. Mbali imodzi ikataya amana yake, inayo siimasuka pa yake.

Masiku anayi oti tisawaiwale

Pa 20 July 2011, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, anthu adatuluka kudandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kayendetsedwe ka boma. Chiletso cha khoti chomwe chidabwera mochedwa chidasokoneza dongosolo, ndipo masitolo adathyoledwa, apolisi nawombera. Pamasiku awiri anthu 20 adafa, ambiri ku Mzuzu, ena ku Lilongwe, Blantyre ndi Karonga. Lipoti la komiti yofufuza lomwe lidatuluka mu 2012 lidapeza kuti apolisi adagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso.

Mu January 2012, magulu a anyamata m'misewu ndi m'misika ya Lilongwe adavula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi, dzuwa likuswa mtengo. Anthu ambiri adaima n'kumaonerera, ena akuseka. Tinene mosapsatira: munthu sangateteze manyazi povula mwana wa mnzake pagulu. Wofuna kulangiza amalangiza ndi mawu ofewa. Amene adachita bwino tsiku limenelo ndi aliyense amene adatenga chitenje n'kumuphimba mayiyo.

Pa 8 October 2019, m'nyengo ya zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho cha May chaka chomwecho, khamu la anthu lidapha wapolisi Usumani Imedi pomugenda ndi miyala pa Msundwe, pamsewu wopita ku Mchinji. Pobwezera, apolisi ena adalowa m'nyumba za pa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, nagwiririra ndi kuzunza amayi ndi atsikana. Mu August 2020 bwalo lalikulu la milandu lidalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Taonani m'mene choipa chimaberekera chinzake: chilango chidagwera amayi osalakwa.

Pa 26 June 2025, anthu onyamula zikwanje adavulaza Sylvester Namiwa, mmodzi wa otsogolera zionetsero, pa bwalo la Community ku Lilongwe, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Tsiku limeneli lidatiphunzitsa kuti wachitetezo amalakwa m'njira ziwiri: pomenya amene sayenera kumenyedwa, ndi popinda manja pamene wina akumenyedwa.

Chifukwa chiyani khamu limangoonerera?

Anthu akachuluka, aliyense amaganiza kuti wina ndiye achitepo kanthu. Wina amaopa kuti akalowererapo amuyesa mnzake wa wakubayo. Masiku ano wina amatulutsa foni kuti ajambule, osati ngati umboni, koma kuti akaseketse anzake. Mwala woyamba ukaponyedwa, wachiwiri umapepuka, ndipo pamapeto pake palibe amene amavomera kuti ndiye wapha.

Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adafanizira anthu a mudzi umodzi ndi okwera chombo chimodzi, momwe ena akufuna kuboola pansi pamene akhala. Inu asodzi simufuna womasulira. Mmodzi akayamba kuboola bwato muli pakati pa nyanja, palibe amene amati malo akewo ndi ake. Mukamugwira dzanja mwapulumuka nonse, iye yemwe; mukamuleka mumira nonse. Lilongwe ndi bwato lotere. Utsi wokhetsa misozi umagwa ku Old Town, Mchesi ndi Kawale, pamene ku Area 43 ndi Area 10 anthu amatseka mageti n'kumamva nkhaniyo pawailesi. Koma mpanda wa njerwa suchotsa udindo. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Dzanja, lilime ndi mtima

M'hadith yomwe adailandira Imam Muslim kuchokera kwa Abu Sa'id al-Khudri (Allah asangalale naye), tidaphunzitsidwa masitepe atatu oletsera choipa malinga ndi kuthekera kwa munthu: dzanja, lilime, kenako mtima. Ma ulama adafotokoza kuti kuletsa choipa kusabale choipa chachikulu kuposa choyambacho. Mfundo imeneyi ndiyo imasiyanitsa wopulumutsa ndi wachipolowe.

Dzanja la munthu wamba ndi lopulumutsira, si lolangira. Kuweruza ndi kulanga ndi kwa boma ndi makhoti. Choncho wakuba akagwidwa mumsika, dzanja lanu limutchinjirize mpaka afike kupolisi. Tayala ndi petulo ndi kupha, ndipo Qur'an yolemekezeka, m'surah Al-Maidah ndime 32, ikuulemeretsa mlandu wa moyo umodzi mpaka kuulinganiza ndi wa anthu onse. Tsegulirani chitseko mwana amene watsamwa ndi utsi. Mupatseni madzi osukusulira. Ngati muli ndi galimoto, nyamulani wovulala mupite naye ku Kamuzu Central osafunsa chipani chake. Musalimbane nokha ndi wonyamula chikwanje. Itanani anthu awiri atatu powaloza mmodzimmodzi, pakuti munthu akalozedwa yekha amasuntha msanga kuposa khamu.

Lilime ndi kukuwa kuti asiye, kuitana apolisi, ndiponso kuikira umboni zinthu zikadekha. Amene waona wapolisi akuchita nkhanza angathe kukadandaula ku Independent Complaints Commission, bungwe lomwe lamulo la 2010 lidakhazikitsa kuti lizimva madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission, yomwe idafufuza za pa Msundwe. Chithunzi cha pafoni chipite kumeneko, chisamayendayende m'magulu a WhatsApp kuyalutsa wozunzidwa. Ndipo umboni ukhale woona ngakhale wolakwayo ali wa mbali yathu. Surah yomweyo, ndime 8, ikutichenjeza kuti chidani chisatichotse pa chilungamo.

Mtima si chete wa munthu wamantha amene akusangalala m'kati. Wodana ndi choipa mumtima amachoka pamalopo, saombera m'manja, ndipo sagula shuga kapena malata amene akudziwa kuti adachokera m'sitolo yothyoledwa. Katundu wotere ndi haramu ngakhale atatchipa motani.

Pangano la ku Makkah

Mtumiki asanapatsidwe utumiki, wamalonda wina wa ku Yemen adalandidwa malipiro a katundu wake ndi munthu wamphamvu wa ku Makkah, Al-As bin Wail. Mlendoyo adalibe mtundu womuimira. Mabanja angapo a Akuraishi adasonkhana m'nyumba ya Abdullah bin Jud'an napangana kuima ndi aliyense woponderezedwa, mbadwa kapena mlendo, mpaka alandire chake. Panganoli limatchedwa Hilful Fudhul. Mtumiki adalipo ali mnyamata, ndipo adaliyamikira ngakhale Chisilamu chitabwera. Phunziro lake n'loti Msilamu amagwirana manja ndi Mkhristu ndi wina aliyense poteteza wopanda mphamvu. Makomiti a m'misika, a m'mizikiti ndi a chitetezo cha m'madera angathe kupangana chimodzimodzi zinthu zisanavute: ndani aimbire apolisi, wovulala athawitsidwe kuti, ndani alankhule ndi achinyamata.

Makolo, mwana akamakwera minibasi ya ku Lilongwe, musangomupatsa kamba wa panjira. Muuzeni kuti asalandire ndalama ya wandale yoti akagende kapena kutema munthu. Ndipo wa yunifolomu mumukumbutse kuti lamulo la bwana wake silidzamuyankhira tsiku la Kiyama.

Tikupempha Allah ateteze dziko lathu ku fitina, apereke chilungamo m'mitima ya olamula ndi chifundo m'mitima ya olamulidwa, ndipo asatiike m'gulu la oona choipa n'kutembenuza nkhope. Ameen. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.