Musanagule graphics card, pezani kaye chimene chikudodometsa gemu

Ntchito yanga ndi yokonza ndi kumanga makompyuta. Pa mafunso onse amene achinyamata amabwera nawo, limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi lakuti, "Akulu, gemu ikugwiragwira ndikamasewera pa intaneti, ndigule graphics card iti?" Wofunsayo amakhala atagamula kale kuti wolakwa ndi khadi, ndipo ndalama zimene wakhala akusunga miyezi yambiri, kaya za ganyu kaya zotumiziridwa ndi achimwene ake a ku Joni, zili kale m'thumba. Ena amakhala atalasa. Koma ambiri mwa iwo atagula khadi lodula n'kuliika, gemu ikhoza kukongola inde, kugwiragwira kuja n'kukhalapobe ngati kale. Ndalama zotere sizibwera kawiri, n'chifukwa chake ndikufuna tikambirane bwinobwino.

Tiyambe ndi zimene khadilo limachita. Zimene mumaona pa sikirini posewera si kanema wojambulidwa kale. Chithunzi chilichonse chimapangidwa nthawi yomweyo. Purosesa imawerengera pamene munthu aliyense waima ndi kumene mpira kapena chipolopolo chikulowera, kenako imauza khadi, ndipo khadi limajambula makoma, udzu, utsi ndi mithunzi. Sikirini wamba ya 1920 x 1080 ili ndi timadontho toposa 2 miliyoni, ndipo kalikonse kamayenera kupatsidwa mtundu wake. Likamaliza, limayambiranso. Kuchuluka kwa zithunzi zimene latulutsa pa sekondi imodzi ndi kumene osewera amati FPS. Pa FPS 30, chithunzi chatsopano chimabwera pakatha mamilisekondi 33. Pa 60 chimabwera pakatha pafupifupi 17, ndipo pa 144 pafupifupi 7. Ntchito ya khadi imathera pamenepo, m'kati mwa bokosi limene lili pa tebulo panu.

Gemu ya pa intaneti ili ndi ulendo wina umene khadi siliudziwa n'komwe. Mukadina batani lowombera, uthenga umatuluka m'nyumba mwanu kupita ku seva, kompyuta yaikulu imene imagamula kuti wawombera mnzake poyamba ndani, ndipo yankho limabwerera. Nthawi ya ulendo wopita ndi kubwerawo ndiyo ping. Apa tikulimbana ndi mtunda. Kuwala kumayenda m'chingwe cha fibre pafupifupi makilomita 200 pa milisekondi imodzi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg, kumene kampani ya Valve ili ndi maseva a Counter-Strike 2 ndi Dota 2, pali makilomita pafupifupi 1,500 mutawongola njira. Ndiye kuti kupita ndi kubwera sikungachepere mamilisekondi 15. Ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000, ndiye mamilisekondi 80 atha kale uthengawo usanaime paliponse. Komatu zingwe siziwongoka choncho. Dziko lathu silinagunde nyanja yamchere, choncho intaneti yathu yambiri imadutsa m'maiko oyandikana nafe kuti ikapeze zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy, ndipo pa siteshoni iliyonse ya panjira pamatayika kanthawi. Kugula khadi kuti ping itsike kuli ngati kusesa pabwalo kuti basi yochokera ku Joni ifike msanga. Pabwalo payera ndithu, koma basi ili pamene ili.

Mavuto awiriwa amaoneka mosiyana, ngakhale kuti onse osewera amangowatcha lag. Khadi likamalephera, chithunzi chonse chimadukizaduka. Mukatembenuza mausi, dziko lonse limatembenuka modumphadumpha, makamaka pakaphulika bomba kapena anthu akachuluka malo amodzi. Netiweki ikamavuta, chithunzi chimayenda mosalala bwinobwino, koma anthu ndi amene amachita zachilendo. Mdani amazimiririka apa n'kutulukira apo, inu mumathamanga kenako n'kupezeka mwabwezedwa m'mbuyo, kapena mumaphedwa mutabisala kale kuseri kwa khoma.

Maso paokha angakunamizeni, ndiye yesani. Kuyesaku sikulira ndalama. Pafupifupi gemu iliyonse yotchuka ili ndi poyatsira manambala a FPS ndi ping pakona pa sikirini. Ayatseni, muone nambala imene ikugwedezeka pamene gemu yagwira. Kenako sewerani gemu yomweyo popanda intaneti, molimbana ndi kompyuta. Ngati ikuyenda bwino, khadi lanu lilibe mlandu, lisiyeni. Ngati ikudodomabe, tsitsani resolution kuchoka pa 1080 kufika pa 720. FPS ikakwera kwambiri, ndiye kuti khadi ndi limene limapanikizika, chifukwa mwalichepetsera timadontho tojambula ndipo lapuma. Ikangokhala pomwepo osasuntha, vuto lili pa purosesa kapena pa RAM, ndipo khadi latsopano lidzangokhala n'kumadikira malangizo amene akuchedwa kubwera. Task Manager ya mu Windows imaonetsanso zimenezi. Khadi likamagwira ntchito pafupi ndi 100 peresenti nthawi yonse ya masewera, ndiye kuti lafika pamapeto pa mphamvu zake.

Ngati mwapeza kuti ndi netiweki, mankhwala ake nthawi zambiri ndi otsika mtengo moti anthu sandikhulupirira. Chingwe cha ethernet chochoka pa rauta kufika pa kompyuta chimachita zambiri kuposa Wi-Fi yodutsa makoma awiri a njerwa. Sankhani seva ya ku South Africa ngati gemuyo ili nayo, musalole kuti ikusankhireni ya ku Ulaya. Onetsetsani kuti Windows kapena Steam sakukopera zinthu mwakachetechete, ndipo dziwani kuti alongo anu akamaonera mavidiyo pa rauta yomweyo, uthenga wanu umaima pamzere. Gemu payokha simadya bandulo kwambiri pa nthawi yosewera. Chimene imafuna ndi njira yokhazikika, yosataya mauthenga. N'chifukwa chake netiweki ya pafoni imene imathamanga masana ikhoza kukhumudwitsa madzulo, anthu a m'dera lonse akaunjikana pa nsanja imodzi. Ngakhale Starlink, imene inafika m'dziko muno mu 2023, ndimauza anthu kuti akayese kaye ping ya gemu yawo kwa mnzawo amene ali nayo asanatulutse ndalama.

Tsono tinene kuti mwayesa ndipo khadi ndi limene lagwidwa. Apa ndi pamene ndimakonda ntchito yanga, chifukwa kusintha kwake kumaoneka ndi maso tsiku lomwelo. Makompyuta ambiri amene ali m'nyumba zathu ndi a kaunjika, otsika m'maofesi a kunja, a Dell OptiPlex ndi a HP aja. Alibe khadi lapadera, amangodalira kagawo kojambula ka m'kati mwa purosesa. Kompyuta yotere ikalandira ngakhale khadi lapakatikati imasanduka ina. Koma musanapite kogula, tsegulani bokosi muone zinthu ziwiri.

Choyamba ndi malo. Mabokosi opyapyala a mu ofesi salowa khadi lalitali bwino, amafuna lija amati low profile. Chachiwiri, chimene ndimachiopa kwambiri, ndi power supply. Werengani pepala lomatidwa pambali pake. M'mabokosi opyapyala mupeza kawirikawiri mawati apakati pa 180 ndi 255, ndipo mulibe nthambo yapadera yodyetsera khadi. Polowetsa khadi pa motherboard, pamene timati PCIe, pamapereka mawati osapitirira 75. Khadi lofuna oposa pamenepo limakhala ndi pobayira nthambo ya mapini 6, imene imawonjezera mawati 75, kapena ya mapini 8, imene imawonjezera 150. Ndiye onani kusiyana kwake. GTX 1050 Ti ya mu 2016 ndi GTX 1650 ya mu 2019 zinapangidwa kuti zizikwanira pa mawati 75, ndipo zambiri sizifuna nthambo. RTX 3050 ya 6GB, imene inatuluka mu 2024, imadya mawati 70. Koma RX 580, imene anyamata amaikonda chifukwa ndi yamphamvu ndipo imapezeka motchipa, imafuna mawati 185 yokha. RTX 3060 imafuna 170. Makhadi awiriwa sangakhale m'bokosi la mu ofesi popanda kusintha power supply, ndipo mabokosi ambiri otere ali ndi mapulagi awoawo amene sagwirizana ndi power supply wamba.

Pali tinthambo tina togulitsidwa motchipa, totenga magetsi pa pulagi ya hard disk n'kuwapititsa ku khadi. Chonde, musatigwiritse ntchito pa khadi lolemera. Pulagi imeneyo sinapangidwire katundu wotere. Ndalandirapo makompyuta onunkha pulasitiki wopserera chifukwa cha tinthambo timeneti, ndipo power supply ikamafa motere nthawi zina imatenga motherboard ndi khadi lomwe.

Khadi liyenerane ndi anzake. Magemu opikisana monga Counter-Strike 2 ndi Valorant amatsamira kwambiri pa purosesa, moti RTX 4060 yoikidwa pambali pa Core i5 ya zaka zoposa khumi sidzaonetsa mphamvu zimene mwalipira. RAM nayo iwerengedwe. Timitengo tiwiri ta 8GB timagwira bwino kuposa kamodzi ka 16GB, chifukwa purosesa imatunga m'njira ziwiri nthawi imodzi. Sikirini ya 60Hz imaonetsa zithunzi zathunthu 60 zokha pa sekondi ngakhale khadi litulutse 200. Ndipo ngati sikirini yanu ili ndi pulagi ya buluu yokha ija ya VGA, konzekeranitu adaputa, popeza makhadi a masiku ano ali ndi HDMI ndi DisplayPort.

Nkhani ya VGA yomweyi ingakupulumutseni kwa akuba. Pamsika wa makhadi ogwiritsidwapo kale ntchito pali achinyengo amene amatenga khadi lakalekale n'kulisintha dzina kuti kompyuta iziliwerenga ngati GTX 1050 Ti. Makhadi enieni a mtundu umenewu sanabwere ndi pulagi ya VGA, ndiye mukaiona pamenepo, bwezani. Kapulogalamu kaulere kotchedwa GPU-Z kamaonetsa zenizeni za m'kati mwa khadi ndipo kamatha kuzindikira ambiri mwa abodzawa. Msampha wina ndi wa nambala ya memory. Wogulitsa amakuuzani monyadira kuti khadi ndi la 4GB, pamene ndi GT 730, khadi lopangidwira ntchito za mu ofesi, limene m'magemu a lero silingakufikitseni kulikonse. Kukula kwa memory sikusonyeza liwiro. Ngakhale GT 1030 ili mitundu iwiri ya dzina limodzi, wa GDDR5 ndi wa DDR4, ndipo wachiwiriwo ndi wofooka kwambiri.

Sindikunena kuti khadi la kaunjika ndi loipa. Ambiri a ife ndi limene tingakwanitse, ndipo ine ndimawaika m'makompyuta a anthu mosakayika ndikawayesa. Kungoti kuyambira mu September 2022, pamene ndalama ya pa intaneti ya Ethereum inasiya kukumbidwa ndi makhadi, msika wa dziko lonse unadzaza ndi makhadi amene anagwira ntchito usana ndi usiku kwa zaka. Ena ali bwinobwino, ena mafani anatha. Musalipire khadi limene simunalione likugwira ntchito. Wogulitsa aliike mu kompyuta, ayatse gemu yolemera kwa theka la ola. Mvetserani mafani ngati akukhuluza, onani ngati kutentha kukupitirira madigiri 85, ndipo yang'anitsitsani sikirini ngati pakutuluka timizere kapena timabokosi tamitundumitundu. Wogulitsa wokana zimenezi musiyeni ndi katundu wake.

Kuika kwenikweniko n'kosavuta. Zimitsani, zulani pulagi kukhoma, lowetsani khadi mpaka kachogwirira kalire, mangani sikuluwu, bayani nthambo ya magetsi ngati ikufunika. Kenako samutsani chingwe cha sikirini, chichoke pa motherboard chipite pa khadi latsopanolo. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, n'kubwera akudandaula kuti agulitsidwa chinthu chakufa, pamene kompyuta ikujambulabe ndi kagawo kakale kaja. Madiraiva tengani kwa eni ake, a Nvidia, AMD kapena Intel, ndipo ngati mukuchoka ku kampani ina kupita ku inzake, yambani mwachotsa akalewo ndi kapulogalamu ka DDU.

Kwathu kuno khadi lili ndi adani awiri amene opanga mavidiyo a kunja satchula kawirikawiri. Magetsi akathima n'kubwerera mwamphamvu amatha kupha m'kanthawi kochepa chinthu chimene mwachisungira ndalama chaka chathunthu, ndiye pa bajeti yanu pakhale surge protector yeniyeni, kapena UPS yokwanira kunyamula kompyuta yonse pamodzi ndi khadi. Wina ndi fumbi. M'miyezi ya chilimwe limadzaza m'mafani, kenako kutentha kwa mu October n'kupeza khadi litatsekeka kale. Khadi likatentha kwambiri limadzichepetsera lokha liwiro kuti lisapse, ndipo FPS imagwa pakatha mphindi zingapo mukusewera. Makompyuta ena amene eni ake amafuna kuwagulira khadi latsopano ndimangowapemerera fumbi, kupaka thermal paste watsopano, n'kuwachotsa pansi kuwaika pa tebulo, ndipo gemu imabwerera mwakale.

A malaputopu, pepani. Pa malaputopu pafupifupi onse khadi linawotchereredwa pa motherboard ndipo silichoka. Chimene mungachite ndi kuwonjezera RAM ngati pali malo, kuyeretsa mafani, kusewera chaja ili kukhoma, ndi kutsitsa mithunzi ndi zokongoletsa zina mu gemu. Ndalama za khadizo zisungeni, zidzayambire bokosi la pa tebulo lokhala ndi power supply yabwino.