Firiji ikapsa, samalani ndi mankhwala otsukira mapaipi ake

Okutobala akafika dzuwa n'kumaswa mtengo, firiji imasanduka mpamba. Ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona mabanja ambiri amapezera ndiwo pogulitsa mafilizesi, thobwa ndi madzi ozizira. Ndiye ikangosiya kuzizira, mumathamangira mmisiri. Koma kodi mumadziwa zomwe zimakhala m'botolo lomwe mmisiriyo amabwera nalo?

N'chifukwa chiyani amatsuka?

Kumbuyo kwa firiji kuli kompulesa, kainjini kakuda komwe kamapopa gasi kuti azizungulira m'mapaipi. M'kati mwake muli mawaya ndi oilo. Magetsi akamabwera ofooka kapena akamazimazima, mawayawo amatentha mpaka kupsa. Akapsa, oilo amada, amanunkha ndipo amakhala ndi asidi. Zonyansazi zimafalikira m'mapaipi onse, moti mukangoika kompulesa yatsopano osatsuka, nayonso sichedwa kufa. Zimachitikanso chimodzimodzi ndi makina oziziritsa m'nyumba.

Mmisiri wodziwa ntchito amachotsa kompulesa yakupsayo ndi kasefa kotchedwa filter drier. Kenako amathira mankhwala osungunula oilo m'mapaipi, n'kuwakankha ndi mpweya wa nayitirojeni kuti atulukire m'chigubu chotsekeka. Akamaliza amaika kasefa katsopano, amakoka chinyezi ndi vacuum pump, n'kuthira gasi.

Pamene pagona ngozi

Vuto limabwera pofuna kutchipitsa ntchito. Ena amatsukira petulo kapena thinner. Izi zimayaka msanga, ndipo mmisiri yemweyo amayatsa moto powotcherera mapaipi. Mafiriji ambiri atsopano amayendera gasi wa R600a, yemwe amayaka ngati gasi wophikira. Yang'anani kachikwangwani ka pakompulesa, dzina la gasi limalembedwa pamenepo. Kukankha mankhwala ndi okosijeni m'malo mwa nayitirojeni n'koopsa kwambiri, chifukwa okosijeni akakumana ndi oilo paipi imatha kuphulika.

Mankhwala ena omwe akhala akugwiritsidwa ntchito kwambiri ndi R141b. Amenewa ali m'gulu la HCFC, mankhwala owononga ozoni, mpweya wa kumwamba womwe umatitchinga ku cheza cha dzuwa choyambitsa khansa ya pakhungu ndi ng'ala. Malawi ali m'pangano la Montreal la mu 1987, lomwe likufuna kuti maiko ongotukuka kumene akhale atasiya HCFC pofika 2030. R141b kapena gasi wa R22 akakhudzana ndi lawi la moto amatulutsa utsi wa asidi womwe umawotcha mapapo.

Nthunzi ya mankhwala onsewa ndi yolemera kuposa mpweya womwe timapuma, choncho imakhala pansi, pomwe mwana amakwawa. Munthu akaipuma m'chipinda chotseka amamva mutu, chizungulire ndi nseru. Ikachuluka amakomoka, ndipo mtima umatha kusokonekera kagundidwe kake.

Zoti muumirire

Firiji ikonzedwere panja kapena pakhonde podutsa mphepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya. Ana, amayi oyembekezera ndi odwala mphumu atalikire. Chotsani zakudya zonse ntchito isanayambe. Funsani mmisiri kuti atsukira chiyani, ndipo aonetse chitini chake. Mankhwala otsala atenge yekha. Asawathire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, ndipo musalole kuti atsale m'botolo la zakumwa. Ambiri mwa mankhwalawa amaoneka ngati madzi, ndipo mwana waludzu safunsa.

Ngozi ikachitika

Mwana akamwa mankhwalawa, musamusanzitse. Posanza, timadontho timalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, monga zimachitikira ndi parafini. Musamupatse mkaka, mafuta ophikira kapena dzira laliwisi, izi sizichotsa poizoni. Muvuleni zovala zomwe zanyowa, musambitseni ndi sopo, ndipo thamangirani naye kuchipatala chapafupi monga cha Kawale kapena Area 25, mutanyamula botolo lija. Pitani ngakhale akuoneka bwino, chifukwa chifuwa, kubanika ndi kutentha thupi zimatha kuyamba patapita maola angapo. Odwala kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central.

Wopuma nthunzi mutulutseni panja, akhale phee, asathamange kapena kugwira ntchito. Akakomoka koma akupuma, mugonekeni chammbali n'kupeza galimoto msanga. Mankhwala akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 musanapite kuchipatala.

Inu alangizi ndi mavolontiya a zaumoyo, poyendera makomo musamangofunsa za chimbudzi ndi madzi akumwa. Funsaninso komwe amasunga parafini, petulo ndi thinner. Mukazipeza m'botolo la zakumwa pansi pa bedi, thandizani banjalo kulembapo dzina ndi kuliika pamwamba pomwe mwana sangafike.