Magazi Otayikira M'kati Saoneka ndi Maso

Munthu akachita ngozi ya minibasi, akagwa mu mtengo wa mango kapena akagundidwa ndi njinga yamoto, ambirife timathamangira kufufuza bala. Tikaona kuti malaya alibe magazi, mtima umakhala pansi, timati wapulumuka. Koma magazi amatha kutayikira m'mimba, m'chifuwa kapena m'ntchafu popanda ngakhale dontho lotuluka kunja.

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi okwana pafupifupi malita 5. Fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposerapo ikhoza kubisala m'minofu momwemo. Chopusitsa n'chakuti thupi limayamba lalimbana nalo vutoli, kotero BP imatha kuoneka yabwinobwino mpaka munthu atataya lita imodzi ndi theka. Ana ndi achinyamata ndiwo amatinamiza kwambiri: amayenda, amalankhula, kenaka n'kukomoka mwadzidzidzi.

Choncho tisadikire kuti akomoke. Timgwire pamkono timve kugunda kwa mtima. Kwa wamkulu, ukapitirira ka 100 pa mphindi iye ali chikhalire, tichenjere. Amapuma mofulumira, amatuluka thukuta lozizira, zikhatho ndi m'kati mwa zikope mumayera. Tikafinya chikhadabo chake n'kuchisiya, kufiira kwake kumachedwa kubwerera kupitirira masekondi awiri. Amadandaula ludzu, akadzuka amachita chizungulire, ndipo ena amangovutavuta kapena kulankhula zosokonekera, anthu n'kumati ndi mantha a ngozi chabe.

Kwathu kuno tisamale kwambiri za kapamba, amene amakhala kunsi kwa nthiti zakumanzere. Malungo obwerezabwereza amamtupitsa, ndipo kapamba wotupa sachedwa kuphulika, ngakhale ndi chigongono cha mnzake pa mpira. Mwana akamalira m'mimba ndi paphewa lakumanzere pomwe phewalo silinagunde paliponse, limenelo ndi chenjezo lalikulu.

Tisampatse madzi kapena phala, ngakhale atipemphe momvetsa chisoni, chifukwa mwina afunika opareshoni. Aspirin ayi ndithu, amachedwetsa magazi kuundana. Timgoneke, timfunditse, tipeze galimoto nthawi yomweyo, osati kudikira kuti kuche. Ku chipatala tifotokoze bwino nthawi imene ngozi inachitika. Kafukufuku wa CRASH-2, amene zotsatira zake zinayamba kutuluka mu 2010, anaonetsa kuti mankhwala a tranexamic acid amapulumutsa miyoyo akaperekedwa pasanathe maola atatu chivulalire.