Ulendo wa banja ku Lilongwe usadye mpamba

Kwa ochita malonda ambiri a pa Mtengowanthenga, Mponela ndi midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, Lilongwe ndi malo okapikula katundu basi. Amalawira m'bandakucha, kukatsika pa depoti, kugula, n'kutembenuka dzuwa lisanapendeke. Ana awo amangomva za likulu la dziko lino pa wailesi ndi m'kalasi, ngakhale mzindawu uli pa mtunda wa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono pa msewu wa M1.

Ulendo wa masiku awiri ndi banja lonse ndi wotheka kwa wogulitsa tomato, kaunjika kapena wa okala. Vuto ndi lakuti ndalama ya geni ndi ya pakhomo zimakhala m'thumba limodzi. Ulendo wosakonzekera umadya mpamba, ndipo mwini wake akabwerera amapeza benchi lilibe katundu woyambira.

Nthawi yake ndi iti?

Ana amakhala pa tchuthi mu Disembala, mu Epulo komanso mu Ogasiti. Pa miyezi itatuyi, Ogasiti ndiye wokomera wamalonda. Mvula kulibe, misewu ya kumidzi imayendeka, ndipo ndalama za mtedza, soya ndi fodya zimakhala zitalowa kale m'manja mwa anthu. Disembala amakopa chifukwa magulu ambiri a banki m'khonde amagawana ndalama nthawi imeneyi, koma ndi mwezi umene feteleza akufunika kumunda, fizi ya Januwale ili pakhomo, komanso malonda a Khirisimasi ali pachimake. Kutseka benchi sabata imeneyo n'kutaya phindu la chaka.

Tsiku nalo lisankhidwe bwino. Ulendo usagwe pa tsiku la msika waukulu wa kwanuko kapena kumapeto kwa mwezi pamene apantchito alandira. Masiku amene malonda amayenda mwapang'onopang'ono ndiwo oyenera kuchokapo.

Kuwerengera mtengo weniweni

Mtengo wa ulendo uli ndi zigawo zisanu: thiransipoti yopita ndi yobwerera, maulendo a m'tauni momwemo, chakudya, pogona, ndi phindu limene likanapezeka masiku awiri amene benchi latsekedwa. Chigawo chomalizachi ambiri amachiiwala. Amene ali ndi m'bale wokhulupirika angathe kumusiyira malonda, koma awerengere limodzi katundu, alembe m'kope, ndipo amuuziretu kuti asakongoze munthu.

Mitengo ya chaka chatha si yodalira. Kuchokera pamene kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya minibasi ndi ya chakudya yakhala ikusinthasintha, ndipo mafuta akasowa makondakitala amakweza mtengo tsiku lomwelo. Ndi bwino kufunsa pa siteji kutatsala tsiku limodzi, kenaka n'kuwonjezera ndalama ina yapadera. Za mwana amene anyamulidwe pamiyendo zimvekeretu asanakwere, chifukwa mkangano wa m'njira umathera mwa kondakitala.

Ndalama ya ulendo isonkhanitsidwe pang'onopang'ono kuchokera pa phindu, kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo isungidwe payokha. Ya thiransipoti yobwerera ikhale pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, osaikhudza mpaka nthawi yonyamuka itakwana.

Tsiku loyamba ndi la ana

Zoona zimayambira m'njira. Pa Lumbadzi pali mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kamuzu, ndipo ku Kanengo ana adzaona nkhokwe zikuluzikulu za chimanga ndi kumene fodya wa makolo awo amakagulitsidwa. Kholo likamawafotokozera, ulendo wa minibasi umasanduka phunziro.

Lilongwe inakhala likulu mu 1975, boma litasamuka ku Zomba, ndipo malo ambiri oyenera ana ali moyandikana ku City Centre. Pali chiliza cha Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anamwalira mu 1997. Chilizachi chinatsegulidwa mu 2006 ndipo chili ndi nsanamira zinayi zoimira ngodya zake zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pafupi pomwepo pali Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, ndipo chakumtunda kwake kuli Capital Hill, kumene kuli maofesi a maunduna. Ku Area 18 kuli nsanja yokumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo, pamodzi ndi chiboliboli cha Kamuzu. Mwana wa Sitandade 6 kapena 7 amene amaphunzira mbiri ya dziko lino adzabwerako ndi zouza anzake.

Masana banja lingapite ku Lilongwe Wildlife Centre, nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa City Centre ndi Old Town. Muli tinjira toyendamo pansi pa mitengo, mbalame, anyani ndi apusi. Malowa ntchito yake ndi kusamalira nyama zopulumutsidwa, choncho makolo asalonjeze ana kuti akaona mkango. Pachipata amalipiritsa, ndiye ndalama yake ikhale pa mndandanda.

Okonda mpira angafune kuona Bingu National Stadium, imene inatsegulidwa mu 2017. Tsiku la masewero akuluakulu silabwino kwa ana aang'ono. Pa 6 Julayi 2017, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pa mpanipani wa pachipata cha bwaloli. Banja likafuna kuonera mpira lisankhe masewero opanda khamu, lifike msanga, ndipo lituluke anthu atachepa.

Chakudya ndi pogona

Chakudya ndicho chimatha ndalama mwakachetechete. Botolo la zakumwa apa, tchipisi apo, pofika madzulo ya thiransipoti yakhudzidwa. Banja linyamule mbatata yophika, mtedza wokazinga, zitumbuwa ndi madzi owiritsa m'mabotolo, ndipo ligule chakudya chotentha kamodzi kokha pa tsiku. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unaphunzitsa anthu kuti madzi ogula m'timapepala ndi zipatso zosatsuka zingathe kusandutsa ulendo kukhala wa kuchipatala.

Mabanja ambiri a ku Dowa ali ndi abale ku Area 25, Kawale, Mchesi kapena Chinsapo. Kugona kwa m'bale kumapulumutsa ndalama, koma moyo wa m'tauni ndi wogula chilichonse, ngakhale madzi ndi makala. Mlendo wanzeru amaimbiratu foni, n'kufika ndi ufa, nyemba kapena nkhuku. Amene agone ku resitihausi aone chipinda asanalipire, makamaka neti ya udzudzu ndi loko wa pachitseko.

Tsiku lachiwiri ndi la geni

Apa ndipo ulendo umadzibwezera. Wamalonda amayenera kupita ku Lilongwe kukapikula katundu ngakhale popanda ana, ndiye ulendo wa banja ukagwa pa tsiku loodera, thiransipoti yake ya iye mwini ndi ya geni. Kholo limodzi lilawirire ku msika waukulu, ku Tsoka kapena m'mashopu a mu msewu wa Malangalanga, pamene linalo latsala ndi ana. Kuzungulira depoti kumakhala khamu komanso opisa m'matumba, ndipo munthu sangathe kunenerera mtengo wa belo akuyang'aniranso ana atatu. Mwana aliyense akhale ndi kapepala ka nambala ya foni ya makolo m'thumba, ndipo kabaza wa njinga yamoto asanyamule kholo, mwana ndi katundu pakamodzi.

Mu Ogasiti, katundu woyenera kupikula ndi wa sukulu: makope, zolembera, masokosi, zikwama ndi nsapato, chifukwa chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Banja linyamuke pofika 2 koloko masana kuti likafike kukuwala, makamaka amene akatsika pa M1 amayenera kupezanso njinga yopita kumudzi. Pofika kunyumba, kope la ndalama litsegulidwe tsiku lomwelo. Ngati mpamba uli wonse ndipo katundu wa mawa alipo, ulendo wa chaka chamawa ungathe kuyamba kusungiridwa.