MAPHUNZIRO OYAMBA A MANJA PA NG'OMA YA MKOMBERO

Tsiku lina ndinapita kukaonerera mphunzitsi wophunzira amene anali pa maphunziro oyeserera pa sukulu ina ya m'mapiri a ku Ntchisi. Chikonzero cha phunziro lake chinali cholembedwa bwino, ndipo iye anali atadzivutitsa kufunafuna ting'oma tinayi. Atangoloŵa m'kalasi anagaŵira ana ting'omato nawauza kuti ayambe kuimba. Anyamata akuluakulu analanda zonse, ndipo aliyense anamenya ndi mphamvu zake kuti apose mnzake. Pasanathe mphindi 10 chikopa cha kang'oma kamodzi chinali chitang'ambika, mnyamata wina akuuzira chala chake, atsikana atangoti duu kumbuyo. Potuluka mphunzitsiyo anandiuza kuti sadzayesanso kuphunzitsa ng'oma.

Cholakwa chake chinali chimodzi chokha: anapatsa ana ng'oma asanawaphunzitse manja. Mwana woyamba kumene safunika kuphunzira mphamvu kapena liŵiro. Afunika kuphunzira kutulutsa mawu atatu osiyana, omveka bwino, ndi dzanja lomasuka. Zina zonse zimamera pa atatuŵa, pakuti akuluakulu anati m'mera m'poyamba.

Ng'oma ya mkombero n'chiyani?

Ng'oma zimene tinakula nazo ku Dowa ndi ku Ntchisi, monga mbalule, mpanje ndi gunda, n'zosema ku thunthu la mtengo, ndipo zili ndi mimba imene imakuza mawu. Ng'oma ya mkombero ilibe mimba yotere. Iyo ndi chikopa chabe chokungidwa pa mkombero wonga wa lichero. M'chaka cha 1914 akatswiri aŵiri, Erich von Hornbostel ndi Curt Sachs, pogaŵa zoimbira za pa dziko lonse m'magulu, anaika malire akuti ng'oma ikhala ya mtundu uwu ngati kuya kwake sikuposa theka la kutambalala kwa chikopa chake. Motero ngati chikopa chatambalala masentimita 30, mkombero wake usapitirire masentimita 15.

Ng'oma imeneyi n'jakale kwambiri ndipo ili ndi maina ambiri. Ku Iran amaitcha daf, ku Morocco ndi ku Algeria bendir, ku Ireland bodhrán. Ngakhale ana athu anaimvapo ku tchalitchi. Choimbira chimene Miriamu ananyamula Aisraeli ataoloka nyanja chinali cha mtundu womwewu, ndipo Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922 ndipo mbali ina ya ntchito yolimasulira inachitikira ku Mvera m'boma la Dowa, limachitcha lingaka.

Chifukwa chake tiyambire pa ng'oma iyi

Choyamba, n'jopepuka ndiponso yosavuta kupanga. Mwana wa Sitandade 3 aikhoza kuinyamula, ndipo sipafunika kugwetsa mtengo waukulu, chinthu chimene aphunzitsi okhala pafupi ndi nkhalango yotetezedwa ya Ntchisi ayenera kuchilingalira.

Chachiŵiri, ng'oma iyi siibisa cholakwa. Popeza ilibe mimba ndipo chikopa chake n'chopyapyala, imayankha ngakhale kwa chala chimodzi. Mwana akamenya molakwa amadzimvera yekha nthaŵi yomweyo.

Chachitatu n'chofunika kuchisamala. Mbalule ili ndi eni ake ndi mwambo wake. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlengeza m'chaka cha 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, ngolimba m'midzi ya kuno. Koma m'kalasi imodzi muli mwana wa mkulu wa kudambwe ndi mwana wa mkulu wa mpingo. Mphunzitsi wobwera ndi mbalule asanafunse akhoza kukhumudwitsa makolo a mbali zonse ziŵiri, ena poona ngati akupeputsa mwambo, ena poona ngati akuloŵetsa ana awo kumene iwo safuna. Ng'oma ya mkombero ilibe mlandu wotere. Mwana aliyense aigwira popanda kuopa funso la kunyumba.

Kapangidwe kake mwachidule

Pezani mkombero wotambalala masentimita 25 kufikira 35 ndi wakuya masentimita 5 kapena 6. Mkombero wa sefa wakale wozungulira ngwabwino. Mukagwiritsa ntchito nsungwi, phatikizani mizere iŵiri kapena itatu ndi kuimanga zolimba, chifukwa chikopa pouma chimakoka ndi mphamvu ndipo chimapotoza mkombero wofooka. Chikopa cha mbuzi ndicho choyenera, ndipo sichisoŵa kwa opha mbuzi m'misika monga ya Mponela, Madisi ndi Malomo. Chiviikeni m'madzi usiku wonse, palani ubweya, ndipo chikungeni chikali chonyowa, mukukoka mbali zoyang'anizana mosinthanasinthana kuti chilimbe mofanana ponseponse. Mangani ndi zingwe za chikopa chomwecho kumbuyo. Umitsani pamthunzi masiku aŵiri kapena atatu, ndipo pasakhale woimenya isanaume.

Kumbukirani kuti chikopa chimamwa chinyezi. M'miyezi ya mvula, ndiponso m'maŵa wa nkhungu wa mu Juni ndi Julayi m'mapiri muno, ng'oma imafooka nilira mogontha. Iikeni padzuŵa kanthaŵi phunziro lisanayambe. Ngati muiŵamba pamoto monga amachitira oimba a m'mudzi, chitani nokha, chapatali, mukuitembenuza ndi kuiyesa ndi chala. Ntchito iyi musaisiyire ana.

Kagwiridwe

Mwana akhale pansi kapena pa benchi msana uli chilili, mapeŵa ali pansi. Aimike ng'oma pa ntchafu ya kumanzere, chikopa chitayang'ana kutsogolo chopendekera kumanja pang'ono. Dzanja lamanzere ligone pamwamba pa mkombero kuti ng'oma isagwe, koma lisapanikize chikopa. Dzanja lamanja ndilo liyambe ntchito. Mwana wamanzere atembenuze zonsezi, ndipo musamkakamize kutsata anzake. Mphete, makoza ndi wotchi zivulidwe, popeza zimapweteka chala ndi kuboola chikopa.

Kuyenda konse kuchokere pa mfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi, ndi kutembenuka pang'ono kwa mkono. Pheŵa lisagwire ntchito. Mukaona chigongono cha mwana chikukwera ndi kutsika ngati wolima, dziŵani kuti atopa msanga ndipo mawu ake adzakhala amodzimodzi.

Mawu atatu

Oimba a maiko a Aluya pophunzitsa amatchula mawu aakulu kuti dum ndi ang'ono kuti tak. Ine m'kalasi ndimagwiritsa ntchito du, te ndi pha, chifukwa lilime la ana athu limawatchula mosavuta. Inu mukhoza kusankha ena, malinga musawasinthe pakati pa chaka.

Du ndiwo mawu aakulu. Mwana amenye ndi minofu ya zala ziŵiri kapena zitatu zophatikizana, osati pakatikati penipeni, koma pakati pa mchombo wa ng'oma ndi mkombero. Zala zikangokhudza zichoke, monga umo dzanja limathaŵira likakhudza chivundikiro cha mphika wotentha. Chifukwa chake n'chakuti mawu amabadwa chikopa chikamanjenjemera, ndipo dzanja lotsalira pachikopa limapha kunjenjemerako. Du wabwino amalira kanthaŵi dzanja litachoka kale.

Te ndiwo mawu ang'ono, akuthwa. Mwana amenye ndi nsonga ya chala chimodzi, chapakati kapena chachinayi, m'mphepete penipeni pamene chikopa chikumana ndi mkombero. Pamenepo chikopa n'cholimba ndipo sichitha kugwedezeka chonse, motero mawu amatuluka okwera. Amenye ndi mnofu wa kunsonga. Akamenya ndi mfundo ya chala pa mtengo wa mkombero, chalacho chidzatupa monga cha mnyamata uja wa ku Ntchisi.

Pha ndiwo mawu otsekeka. Zala zonse zigwe pamodzi pakati pa ng'oma ndi kukhala pomwepo. Apa dzanja likuchita dala chimene tinaliletsa pa du. N'chifukwa chake pha aphunzitsidwe pomalizira, ana atazoloŵera kale kuchotsa dzanja. Mukayamba ndi pha, mawu onse a mwanayo adzakhala pha.

Muyeso wa mawu atatuŵa ngwapafupi. Mwana mmodzi atembenuke kuyang'ana kukhoma, mnzake amenye, ndipo wotembenukayo atchule chimene wamva. Akalephera kusiyanitsa, woimbayo ndiye afunika kukonza.

Ndondomeko ya kaphunzitsidwe

1. Yambani ndi mapazi. Ana onse aime ndi kuponda pamodzi pang'onopang'ono, kumanja, kumanzere, kufikira phazi la kalasi yonse likhale limodzi.

2. Onjezani pakamwa. Akuponda choncho atchule: du, te, du, te. Chimene pakamwa palephera kunena, dzanja silingachiimbe.

3. Pitani ku ntchafu ndi desiki. Pakati pa ntchafu pakhale du, pabondo pakhale te. Apa ndipo mphunzitsi ayendere mizere kuona mapeŵa ndi zigongono.

4. Tsopano tulutsani ng'oma. Mwana aliyense aimbe du yekha kanayi, mwakachetechete, napatse mnzake. Te abwere m'phunziro lachiŵiri, pha m'lachitatu.

5. Lumikizani mawu pogwiritsa ntchito maina a malo amene ana akuwadziŵa. Do-wa ndi du te. Ma-di-si ndi du te te. Ka-sa-ku-la ndi du te pha te. Bwerezani dzina lililonse kambirimbiri popanda kuima, pakuti nyimbo zathu zimayenda mozungulira, mapeto nakhala chiyambi.

6. Dzanja lamanzere liloŵe pambuyo pake, chala chimodzi chikumenya te kuchokera pamwamba pomwe dzanja lagona. Lidzakhala lofooka poyamba. Chepetsani mphamvu ya lamanja kuti zifanane, osati kuumiriza lamanzere.

7. Ana akakhazikika, gaŵani kalasi paŵiri. Gulu lina liimbe Do-wa, lina Ma-di-si, onse akuyamba du pa phazi limodzi ndi kutha pamodzi. Mawu aŵiri akuyenda m'nthaŵi yofanana ndi mawu atatu. Kulukana kotere kwa ziŵiri ndi zitatu kumamveka m'magule ambiri a mu Africa, ndipo mwana akakumva m'manja mwake amayamba kumvetsa chimene oimba a m'mudzi mwawo amachita.

Masitepe ameneŵa si a tsiku limodzi. Mphindi 10 kapena 15 zomenya n'zokwanira pa phunziro lililonse, chifukwa khungu la zala za ana n'lofeŵa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kalasi ya ana ambiri

Ambiri a inu mudzapeza ana odzaza chipinda ndi ng'oma zoŵerengeka. Ichi chisakufooketseni. Tulukani panja pansi pa mtengo, khazikani ana m'magulu ofanana ndi chiŵerengero cha ng'oma, ndipo ng'oma iziyenda m'gulu pa chizindikiro chanu. Amene alibe ng'oma asakhale chabe: ena aponde, ena aombe m'manja, ena atchule mawu, ena amenye pa malichero ndi zidebe. Gwirizanani za chizindikiro choimitsira musanagaŵe ng'oma ngakhale imodzi, monga kukweza dzanja, ndipo chiyeseni kufikira onse achimvere.

Ng'oma yoyamba muipereke kwa mtsikana. Pali ana ndi makolo ena oganiza kuti ng'oma n'ja amuna okha, koma pa chinamwali cha Acheŵa amayi ndiwo amadziimbira ng'oma, ndipo lingaka lija linali m'manja mwa mkazi. Mukasiya ana kuti alimbirane okha, atsikana ndi ana amanyazi adzatha chaka chonse asanaikhudze.

Zolakwa zofala

Choyamba ndi kumenya kwambiri. Akumbutseni mwambi wakuti ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika, ndipo chitani mpikisano wa amene angatulutse du womveka bwino mwa mawu otsika kuposa onse. Chachiŵiri ndi kuthamanga. Ana akakondwa amafulumira osadziŵa, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera ku mapazi. Chachitatu ndi kuuma thupi, kumene mudzakuone pa mwana woluma mlomo kapena wogwira mpweya. Muuzeni aimbe kanyimbo kalikonse kamene akukadziŵa uku akumenya, ndipo mapeŵa adzatsika okha.

Cholakwa chachinayi n'cha mphunzitsi mwini, ndicho kuima kutsogolo kwa ana asanayesere. Simufunika kukhala katswiri, koma mufunika kutha kutulutsa du, te ndi pha moti ana awasiyanitse. Yeserani mphindi zochepa tsiku lililonse mukali pa koleji pano. Ndipo mukafika kumene mwatumizidwa, funsani kwa anyakwaŵa za munthu wodziŵa ng'oma za chimtali kapena magule ena a poyera, mupite kwa iye mwaulemu, mumpemphe adzaimbire ana. Mukatero ana adzaona kumene maphunziro ang'onoang'onoŵa akupita, ndipo mudzi udzaona kuti sukulu siinyoza nzeru za eni dziko.

Mawu otsiriza

Mphunzitsi uja ndinamlimbikitsa kuti ayesenso, ndipo ndinabwererako patapita milungu itatu. Tsikulo ting'oma tinali m'thumba kufikira pakati pa phunziro. Ana anaponda, natchula, namenya ntchafu zawo, ndipo kang'oma katatuluka anakalandira woyamba anali mtsikana wa kumbuyo kuja. Anamenya du kamodzi, nachotsa dzanja, kalasi yonse n'kukhala chete kumvetsera mawuwo kufikira atazilala. Mwana amene waphunzira kumvetsera chotero adzamvetseranso mnzake m'kwaya, m'gule ndi m'phunziro lina lililonse. Yambani nawo pamenepo.