Kusamala Thadzi Limene Dzira Linakanirira

Acikumbi ambiri amadziwa maonekedwe a thadzi limene dzira lakanirira m'mimba mwace. Limalowa m'cisa ndi kutulukamo kawirikawiri osasiyamo kanthu, limaima njo mcira utaloza pansi, ndipo poyenda limatang'adza miyendo ngati bakha. Mwini wace akaliika m'madzi ofunda ndi kupaka mafuta kotulukira dzira, nthawi zambiri dzira lija limatuluka. Apa mpamene ambiri timalakwa. Tikaona dzira timati zatha, ndipo timabwezera nkhukuyo kwa zinzace. Patapita masiku atatu kapena anai timaipeza itafa m'khola, tsono timayamba kunamizira citopa. Komatu citopa cimagwira nkhuku zambiri pamodzi, pamene ili ndi bvuto la nkhuku imodzi ndipo silipatsirana.

Dzira limapangika m'thupi la nkhuku kwa maola 25 kapena 26, ndipo mwa maola amenewa pafupifupi 20 amathera pa cigoba cokha. Cotero pamene dzira lokanirira likutuluka, kawirikawiri lina liri kale pa njira, ndipo lidzadutsa pomwe patupa ndi kupweteka paja. Nchito yanu yoyamba ndiyo kupumitsa nkhukuyo kuti ileke kuikira masiku angapo.

Ikani nkhukuyo payokha m'dengu lalikulu, pansi mutayala udzu wouma kapena makoko a cimanga, ndipo dengulo likhale pa ngodya ya nyumba pamene pali potentha ndi pamdima. Kutalika kwa kuwala kwa tsiku ndiko kumafulumiza thupi la nkhuku kuikira, ndiye mukaisunga mu mdima mbali yaikulu ya tsiku, mazira amacedwa ndipo mwina amalekeza. Muziibvundukula maola asanu ndi atatu okha kuti idye, imwe ndi kuothera dzuwa la m'mawa pang'ono. Inu alimi a fodya, musaganize kuti nyumba yofukizira fodya ndiyo malo abwino cifukwa njotentha. Utsi umapweteka mapapo a nkhuku msanga kuposa a munthu, ndipo tizidutswa ta fodya timene ingatole pansi ndi poizoni kwa iyo.

Tsiku liri lonse, m'mawa ndi madzulo, yang'anani kotulukira dzira. Nthawi zina pamatuluka nyama yofiira imene iyenera kukhala mkati. Tsukani pamenepo ndi madzi owiritsa amene afunda, mutathiramo mcere pang'ono, pakanipo uci kuti kutupa kucepe, ndipo bwezerani nyamayo mkati pang'onopang'ono ndi cala coyera copakidwa mafuta ophikira. Nthenga zimene zamata ndowe muzidule, pakuti nchenche zikaikirapo mazira, mphutsi zimaoneka tsiku limodzi lisanathe. Nkhuku yotere isayandikire zinzace. Nkhuku ikaona cofiira imajompha, ndipo zinzace zikayamba sizileka mpaka zitaikoka matumbo. Tambala nayenso akhale kutali.

Madzi asasowe m'dengumo. Pa nyengo yosankha ndi kumanga fodya banja lonse limatanganidwa, ndipo cigulu ca nkhuku cimauma popanda wocikumbukira. Uzani mwana mmodzi kuti imeneyi ndiyo nchito yace.

Tsono tinene za cakudya, pakuti gwero la bvutoli nthawi zambiri liri pamenepo. Cigoba ca dzira cimapangidwa ndi laimu, amene ophunzira amamucha kashiamu, ndipo m'cigoba cimodzi muli pafupifupi magalamu 2 a iye. Thadzi loikira limafuna pafupifupi magalamu 4 pa tsiku. Koma mu kilogalamu yathunthu ya cimanga simufika ngakhale theka la galamu, ndipo nkhuku singathe kilogalamu ngakhale pa masiku asanu. Mlimi amene amamwaza cimanga cambiri pa bwalo amayesa kuti akudyetsa bwino, pamene nkhuku zace zikungonenepa, mafuta nkumapanikiza njira ya dzira, laimu nkumacoka m'mafupa mwao. Laimu yemweyo ndiye amapatsa mphamvu minofu yokankha dzira. Akacepa, cigoba cimakhala cofewa, minofu imalefuka, ndipo dzira limaima pa njira. Nkhuku za kumudzi zimapulumuka kawirikawiri cifukwa zimaikira mazira khumi kapena khumi ndi asanu, kenaka nkufungatira, thupi nkupuma. Nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp, zimene tinazolowera kuzicha za Mikolongwe, zimaikira ambiri koposa, motero zimafunanso laimu wambiri. Misoti imene yangoyamba kuikira, ndi mathadzi okalamba oikira mazira akuluakulu, ndiwo amagwidwa kwambiri.

Nkhuku yodwalayo ipatseni madeya onyowetsa ndi madzi ofunda, mutasakanizamo usipa kapena matemba osinja pamodzi ndi minga yace, ndi masamba a bonongwe kapena nkhwani oduladula. Ciswe cikapezeka ncabwinonso. Cimanga ca maso mucileke kaye. M'mbale yina ikanimo zigoba za mazira kapena za nkhono zotsuka, zokazinga ndi zosinja mpaka zikhale ngati maso a mapira, osati ufa. Kukazinga ndi kusinjako kumapha tizirombo, ndiponso kumaletsa nkhuku kuzindikira cigoba ndi kuphunzira kudya mazira ace omwe. Mbale yotere iyenera kukhala m'khola la nkhuku zonse caka conse. Njereza yopaka nyumba musaipatse, imaocha kukhosi.

Ngati dzira linasweka mkati, ngozi njaikulu, cifukwa zotsalira zimaola m'mimba. Cifukwa cace dzira lokanirira sitilifinya ndi manja. Zizindikiro zace ndi izi: nkhuku ikana kudya, mimba itupa ndi kutentha, lipombo la pamutu lida, ndipo kumbuyo kumatuluka zonunkha. Mukaona zotere pitani msanga kwa mlangizi wa ziweto. Akakupatsani mankhwala, mufunseni masiku amene muyenera kudikira musanadye mazira kapena nyama ya nkhukuyo. Ikafa ndi mafinya m'mimba, ikwirireni mozama, musaiphike.

Pakatha masiku asanu kapena asanu ndi awiri, ngati nkhuku ikudya bwino, ikuyenda bwino, ndipo kotulukira dzira kwauma ndi kutsekeka, ibwezereni m'khola usiku zinzace zitagona, kuti m'mawa zisaithamangitse ngati mlendo. Penyetsetsani dzira loyamba ndi laciwiri. Dzira likakaniriranso, kapena nyama ija ikatulukanso, maganizo athu ndi akuti musabvutike nayo kacitatu, pakuti njira imene yatanuka kawiri sibwerera msanga m'malo mwace. Idikireni icire ndi kutha masiku a mankhwala, ndipo muiphe ikali ndi mnofu.