Cotupa ca Nsagwada ndi Njala ya Maselo

Pa cipatala ca St Francis ku Katete, cimene cinayamba m'caka ca 1948, ndiponso pa zipatala zina za m'maiko a malungo, madokotala aidziwa bwino nthenda yina imene igwira ana, makamaka a zaka 4 kufikira 7. Tsaya la mwana liyamba kutupa, mano agwedezeka, ndipo makolo ayesa kuti ndi dzino lobvunda, ena nati mwana walodzedwa. Cotupaco sicidikira kuti akulu amalize kukambirana, pakuti cikhoza kukula mowirikiza kawiri m'masiku awiri okha. Imeneyi ndi kansa yochedwa Burkitt lymphoma.

Dzinali licokera kwa Denis Burkitt, dokotala wa ku Ireland, amene anaona mwana wotere pa cipatala ca Mulago ku Kampala m'caka ca 1957. M'caka ca 1961 iye ndi anzace awiri anayenda pa galimoto mamailosi 10,000, nafunsa m'zipatala zoposa 50, zina za ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Anapeza kuti nthendayi itsata malo otentha ndi amvula, kumene udzudzu ucuruka. M'caka ca 1964 Anthony Epstein ndi anzace ku London anapeza kacirombo m'maselo a cotupaci, kamene pamodzi ndi malungo obwerezabwereza kalambulira nthendayi njira. Koma funso linatsala: kodi cithamangitsa cotupa cotere nciani?

Thupi la munthu lamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. Selo liri lonse limvera mauthenga ocokera kwa anzace, kuti likule, ligawike pawiri, kapena lipumule. M'kati mwace muli malamulo olembedwa pa timitolo 46, ndipo limodzi la malamulowo, lochedwa MYC, liri ngati kapitao wa mu mgodi amene aliza wezulo kuti nchito iyambe. M'caka ca 1982 akatswiri ku America anaona kuti m'cotupa ca Burkitt kapitao ameneyu wacoka pa malo pace pa kamtolo ka nambala 8, nakakhala pa ka nambala 14, pambali pa lamulo limene siligona usana ndi usiku m'maselo oteteza thupi. Motero wezulo angolira, ndipo palibe woweruka.

M'caka comweco anamaliza maphunziro a udokotala pa Johns Hopkins mnyamata wina dzina lace Chi Van Dang. Iye anabadwira ku Saigon m'dziko la Vietnam m'caka ca 1954, mwana wa dokotala, nafika ku America m'caka ca 1967 nkhondo iri m'kati kwao. Anayamba waphunzira za kemisitiri, ndipo mwina ndico cifukwa cace anafunsa funso limene ambiri anali kulidumpha. Ena anafuna kudziwa m'mene MYC alamulira maselo kugawika. Dang anafuna kudziwanso kumene maselowo atenga cakudya, pakuti munthu ali yense wa ku mgodi adziwa kuti kapitao angakuwe cotani, gulu lopanda posho silikumba.

Panali kale cizindikiro cakale. M'zaka za 1920 Otto Warburg wa ku Berlin anaona kuti maselo a kansa ameza shuga wambiri, koma m'malo momtentha yense ndi mpweya monga acitira maselo abwino, amsandutsa madzi owawasa, amodzimodzi amene awawasitsa cambiko. Warburg anayesa kuti ng'anjo za maselowo zinaonongeka, ndipo kwa zaka zambiri nkhaniyi inagona m'mabuku. M'caka ca 1997 Dang ndi ophunzira ace anasonyeza kuti MYC mwini wace ndiye atsegula lamulo lochedwa LDH-A, limene licita nchito yowawasayo. Amene alamula kugawika ndiye yemwenso aitanitsa cakudya. M'caka ca 2009 anaonjezera kuti MYC acititsanso maselo kudya kwambiri glutamine, kamodzi ka tizigawo ta nyama ya thupi, kuti apeze mphamvu ndi njerwa zomangira maselo atsopano. Pambuyo pace anatsogolera Abramson Cancer Center ku Philadelphia kuyambira 2011 kufikira 2017.

Pano pafunika kusamala. Zimenezi sizitanthauza kuti mwana wodwala amanidwe shuga kapena nsima, popeza thupi lidzipangira lokha shuga m'mwazi, ndipo mwana wanjala sapirira mankhwala. Ndiponso mankhwala ogwira MYC mwini wace akali kufunidwa, cinkana akatswiri ayesa kwa zaka 40. Cimene Dang anatsegula ndi njira yina yomenyera nkhondo, ndiyo kutseka khomo la cakudya ca cotupa, ndipo njirayi ikali kuyesedwa.

Komabe liwiro la cotupaci ndilonso kufooka kwace. Mankhwala onga cyclophosphamide ndi methotrexate akantha maselo amene ali kugawika, ndipo Burkitt mwini anaona kale m'zaka za 1960 zotupa zazikulu zikuphwa m'masiku owerengeka, ana ena nacira ndithu. Wocira kawirikawiri ndi mwana amene afika ku cipatala cotupa cisanafalikire m'mimba, m'mafupa kapena ku ubongo. Kwa mwana wa ku Vubwi kapena ku Sinda, amene angafunike kutumizidwa ku Lusaka, mtunda wa mamailosi pafupifupi 300 kucokera ku Katete, sabata limodzi lotaika pa mudzi cotupa cikhala citawirikiza katatu.